Kodi Magazi Anganene Masiku a Wodwala Chotupa cha mu Ubongo?

Pali funso limodzi limene madokotala a m'dziko lililonse amaliopa, ngakhale kuti amalimva kawirikawiri. Wodwala wabwera ndi mutu umene wakhala ukumupweteka kwa milungu yambiri, makamaka m'mamawa. Wayamba kusanza popanda chifukwa chooneka. Mkono umodzi walefuka, kapena wagwa ngati wa khunyu pamene chibadwire sanagwepo. Makina ounikira m'mutu aonetsa chotupa mu ubongo. Dokotala walongosola zonse mwaulemu ndipo abale amvetsera ali chete. Tsono pamene onse akutuluka, mmodzi wa iwo, kawirikawiri mkazi wa wodwalayo kapena mwini mbumba, amatsalira pakhomo nafunsa motsitsa mau kuti: "Adokotala, pepani, kodi atsala ndi nthawi yotani?"

Funsoli si la chidwi chabe. Pa yankho lake pamatsamira zinthu zolemera: kaya banja ligulitse ng'ombe kuti wodwala apite kutali kukalandira chithandizo, kaya mwana amene ali kunja aitanidwe tsopano kapena adikire tchuthi, kaya wodwalayo apirire mankhwala ofooketsa thupi kapena abwerere kwao akakonze za ana ake nzeru zikadali m'malo. Dokotala si woombeza ula. Chimene ali nacho ndi zizindikiro, monga momwe mlimi wakale amayang'anira mitambo, mphepo ndi mayendedwe a nyerere nanena kuti mvula ili pafupi. Mlimi wotere amalondola kawirikawiri kuposa munthu wongoganizira, komabe sanganene tsiku. Nchifukwa chake madokotala saleka kufunafuna zizindikiro zolondola kuposa zimene ali nazo.

Chiyambire chaka cha 2005, akatswiri ofufuza m'maiko ambiri akhala akunena za chizindikiro chatsopano: tizidutswa tating'onoting'ono totchedwa microRNA, timene timapezeka m'chotupa momwemo, m'madzi a mumsana, ngakhalenso m'magazi. Ena amayembekeza kuti tsiku likudza pamene magazi ochepa a pamkono adzanena ngati chotupa chili chaukali kapena chofatsa, ndiponso ngati mankhwala adzagwira ntchito. Kafukufuku ameneyu ngoyenera ulemu ndipo ayenera kupitirira. Koma kufikira lero palibe kachidutswa ka microRNA kamene kafika poti dokotala akadalire pouza munthu wamkulu wodwala chotupa cha mu ubongo za masiku ake, ndipo aliyense wolipiritsa banja ndalama za kupima kotere ngati kuti nkotsimikizika akugulitsa chimanga chimene sichinabereke.

Mau akuti "chotupa cha mu ubongo" amaphatikiza matenda ambiri osiyana, ndipo mitundu yake imaposa 100. Chotupa chotchedwa meningioma chimamera pa nembanemba yokuta ubongo, chimakula pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri opaleshoni imachithetsa. Chimene chimasowetsa madokotala tulo ndi glioblastoma, chotupa chofala kwambiri mwa zotupa zaukali zoyambira mu ubongo wa anthu akuluakulu. Chimenechi chilibe malire ooneka bwino. Chimayanga m'kati mwa ubongo monga momwe kapinga amayangira pansi pa nthaka, kotero kuti dokotala wa opaleshoni, ngakhale achotse chonse chimene maso ake ndi makina akuona, amadziwa kuti mizu yatsala, pakuti sangadule ubongo umene munthu amayankhulira kapena kuyendera.

Chithandizo chimene chimaperekedwa lero chinakhazikika m'chaka cha 2005, pamene Dr. Roger Stupp wa ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, pamodzi ndi anzake a ku Ulaya ndi ku Canada anafalitsa zotsatira za odwala 573. Ena anangowotchedwa chotupa ndi cheza champhamvu cha makina, pamene ena analandira chezacho pamodzi ndi mankhwala akumwa otchedwa temozolomide. Pofuna kuyerekeza magulu awiriwa madokotala amagwiritsa ntchito nambala yapakati: odwala onse amaikidwa pamzere, kuyambira amene anamwalira msanga kufikira amene anakhala nthawi yaitali, ndipo amawerenga miyezi ya munthu amene ali pakati penipeni pa mzerewo. Nambala imeneyi inali miyezi 12.1 kwa olandira cheza chokha, ndi miyezi 14.6 kwa olandira zonse ziwiri. Patapita zaka ziwiri, oposa 26 mwa odwala 100 alionse a gulu lachiwiri anali moyo, poyerekeza ndi 10 a gulu loyamba. Chuma ndi udindo sizisintha manambalawa kwenikweni. Edward Kennedy, phungu wotchuka wa ku United States, anapezeka ndi chotupachi mu 2008 namwalira mu Ogasiti 2009; mnzake John McCain anapezeka nacho mu 2017 namwalira mu Ogasiti 2018. Onsewa anali ndi zipatala zopambana za dziko lao.

Komabe pamzere uja pali anthu amene amamwalira miyezi inayi isanathe, ndi ena amene amaona zaka zitatu kapena zisanu. Kusiyanitsa anthu amenewa nthawi ikadalipo ndiyo ntchito ya zizindikiro, ndipo zina zilipo kale zimene zayesedwa kwa zaka zambiri. Msinkhu wa wodwala ndi chimodzi. China ndi mphamvu zake: kodi akudziyendera ndi kudzisamalira yekha, kapena ali chigonere? Madokotala amayesa zimenezi ndi muyeso umene David Karnofsky anaukonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo muyesowo sufuna makina alionse koma maso ndi mafunso. Chachitatu ndi kuchuluka kwa chotupa chimene opaleshoni yachotsa. Chachinayi ndi maonekedwe a chotupa pa maikulosikopu, njira imene Percival Bailey ndi Harvey Cushing anaiyala mu 1926. Pamwamba pa izi panadza ziwiri zochokera m'kati mwa maselo. Mu 2005 Monika Hegi anaonetsa kuti pamene jini yotchedwa MGMT ili yotsekedwa m'chotupa, temozolomide amagwira ntchito bwino, popeza jini imeneyi ndiyo imakonza malo amene mankhwalawo awononga. Odwala otere, polandira cheza ndi mankhwala, anafika miyezi 21.7. Ndipo mu 2008 ndi 2009 kunadziwika kuti zotupa zimene jini yake ya IDH yasintha zimakula mofatsa kuposa zinzake. Kusiyanaku nkwakukulu kotero kuti m'buku lake la mitundu ya zotupa la 2021, bungwe la World Health Organization linachotsa zotupa zotere m'gulu la glioblastoma. Chizindikiro chatsopano chilichonse chimafika m'bwalo mmene muli kale akuluakulu amenewa, ndipo chiyenera kunena kanthu kamene iwo sananene.

Nanga microRNA nchiyani? Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tamoyo totchedwa maselo, ndipo m'selo iliyonse muli malangizo a chibadwa olembedwa pa ulusi wa DNA. Chigawo chimodzi cha malangizowo chimatchedwa jini. Zikachuluka amati majini, ndipo owerenga asawasokoneze ndi majini a mizimu. DNA ili ngati mfumu imene sichoka pabwalo pake. Ikafuna kuti ntchito ina igwirike, imatuma mthenga ndi kalata, ndipo kalatayo ndi RNA, imene imapita kumene mapuloteni amapangidwa. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti ulamuliro waukulu uli pa kulemba kalata: ikalembedwa, ntchito igwirika. Sanadziwe kuti panjira pali alonda. MicroRNA ndi kachidutswa kakafupi ka RNA, ka zilembo pafupifupi 22 zokha, kamene sikapanga puloteni iliyonse koma kamamatirira pa kalata imene zilembo zake zikugwirizana nako, nikailetsa kuwerengedwa kapena kuichititsa kuti ing'ambidwe. Mlonda mmodzi angathe kuimitsa makalata mazana, ndipo kalata imodzi ingaimitsidwe ndi alonda angapo. Mfundo yotsirizayi ikumbukiridwe, chifukwa ndi gwero la mphamvu ya tizidutswati komanso la kuvuta kwake.

Mbiri ya kutulukiridwa kwake iyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense amene amanyoza kafukufuku wooneka ngati wopanda phindu. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun sanali kufunafuna mankhwala a khansa. Iwo ankaphunzira kanyongolotsi ka m'nthaka kotchedwa Caenorhabditis elegans, kotalika milimita imodzi yokha, nafuna kudziwa chifukwa chimene tinyongolotsi tina timasokonezera nthawi ya kakulidwe kake, kubwereza msinkhu umodzi kapena kudumpha wina. Mu 1993, Ambros pamodzi ndi Rosalind Lee ndi Rhonda Feinbaum anapeza kuti jini yotchedwa lin-4 siipanga puloteni, koma kachidutswa kakang'ono ka RNA. Ndipo gulu la Ruvkun linaonetsa mmene kachidutswako kamatsekera jini ina yotchedwa lin-14. Anzao ambiri anaona ngati ndi chodabwitsa cha nyongolotsi basi, chosakhudza munthu. Panapita zaka zisanu ndi ziwiri za chete. Mu 2000 gulu la Ruvkun linapeza kachidutswa kachiwiri, let-7, ndipo kameneka kanapezekanso mu ntchentche, mu nsomba ndi mwa munthu. Pamenepo chitseko chinatseguka. Lero nkodziwika kuti munthu ali ndi majini a microRNA oposa 1,000, ndipo mu Okutobala 2024 Ambros ndi Ruvkun analengezedwa kuti alandira mphoto ya Nobel ya zaumoyo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Anthu awiriwa anadikira zaka zoposa 30.

Kulowa kwa tizidutswati m'nkhani ya khansa sikunachedwe. Mu 2002 George Calin ndi Carlo Croce, ku Philadelphia, anapeza kuti miR-15 ndi miR-16 timasowa kapena kuchepa mwa odwala oposa theka a mtundu wina wa khansa ya m'magazi. Mu 2005 Jennifer Chan, Anna Krichevsky ndi Kenneth Kosik anaonetsa kuti miR-21 ndi kochuluka kwambiri mu glioblastoma, ndi kuti pamene anakatseka m'maselo a chotupa osungidwa m'mbale, maselowo anayamba kufa. Pambuyo pake kunadziwika miR-10b, kamene mu ubongo wabwino sikaoneka konse koma m'zotupa zambiri kamapezeka. Mu 2012 kunafalitsidwa kuti miR-181d kamachepetsa puloteni ya MGMT, ndiye kuti kangakhale ndi mbali pa kagwiridwe ntchito ka temozolomide. Zonsezi ndi nzeru zenizeni, ndipo zathandiza kumvetsa chifukwa chimene chotupachi chimakanira kufa.

Chimene chinakopa anthu koposa ndi kulimba kwa tizidutswati. RNA yaitali imawonongeka msanga ikatuluka m'selo, koma mu 2008 ofufuza a ku Seattle anaonetsa kuti microRNA timakhala m'magazi osawonongeka. Chaka chomwecho Johan Skog ndi anzake a ku Boston anapeza kuti maselo a glioblastoma amatulutsa timatumba tating'onoting'ono tonyamula RNA, timene timafika mpaka m'magazi a wodwala. Mu 2012 gulu la Krichevsky linapeza miR-10b ndi miR-21 tochuluka m'madzi a mumsana a odwala glioblastoma ndi a odwala khansa imene yafalikira ku ubongo. Ubwino wake ukuonekeratu. Ubongo uli m'chigaza. Kutengako kachigawo koti kapimidwe ndi opaleshoni yokhala ndi zoopsa zake, imene singabwerezedwe mwezi ndi mwezi, pamene magazi angatengedwe ndi namwino pa chipatala chilichonse. Ngati njira imeneyi itatsimikizika, opindula nayo kwambiri angakhale anthu a m'maiko mmene madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka. Ichi ndicho chifukwa chokwanira chofunira kafukufukuyu zabwino, ndiponso chofunsira mafunso olimba.

Funso loyamba nlakuti, kodi ofufuza akugwirizana? Mu 2011 akatswiri a ku Indian Institute of Science, mumzinda wa Bangalore, anafalitsa mndandanda wa tizidutswa 10 timene anati tikaphatikizidwa timagawa odwala glioblastoma m'magulu awiri, okhala nthawi yaitali ndi okhala nthawi yochepa. Mu 2016 ofufuza a ku Munich anafalitsa mndandanda wao wa tizidutswa 4, ndipo mwa tinayi timeneti mulibe ngakhale kamodzi kopezeka mwa 10 tija. Kachidutswa kotchuka ka miR-21 mulibe m'mindandanda yonse iwiri. Mindandanda ina yambiri yafalitsidwa, ndipo kusagwirizana kotere nkofala. Sikuti ofufuzawa ndi abodza. Vuto lili m'masamu. Munthu akatenga odwala ochepa nayesa tizidutswa mazana angapo mwa aliyense, sangalephere kupeza tina timene tikuoneka ngati tikulosera imfa, ngakhale zitangochitika mwangozi. Zili ngati kufunsa ana a sukulu 500 kuti aliyense alosere masiku amene kudzagwe mvula sabata yamawa: angapo adzalondola masiku onse, koma sabata yotsatira adzalondola ena. Njira yokha yodziwira mlosi weniweni ndiyo kumulemba dzina pasadakhale nkumuyesa pa masabata atsopano. M'chipatala ndiye kuti mndandanda utsekedwe, muyeso wake ukhazikike, kenaka uyesedwe pa odwala atsopano ambiri, a m'zipatala zosiyanasiyana, ndi anthu amene sanaupange. Malangizo a kafalitsidwe koyenera ka kafukufuku wa zizindikiro za khansa, otchedwa REMARK, alipo chiyambire 2005. Kupeza mndandanda watsopano kumabweretsa dzina msanga, pamene kuyesa mndandanda wa mnzako ndi ntchito yotenga zaka, yodula ndiponso yosatchukitsa, ndipo nchifukwa chake yoyamba ili ndi antchito ambiri kuposa yachiwiri.

Funso lachiwiri likukhudza magazi enieniwo. Kachidutswa ka miR-21 kamachuluka mu glioblastoma, inde, komanso kamachuluka mu khansa ya m'mawere, ya m'mapapo, ya m'matumbo, mu matenda ena a mtima ndi m'malo amene thupi latupa. Galu amene amauwa mbala, mlendo, mphaka ndi mwezi womwe sathandiza mwini nyumba kudziwa chimene chili panja. Ndiponso tizidutswa tochuluka ta m'magazi timachokera ku maselo a magazi omwewo. Maselo ofiira ali odzaza ndi miR-451 ndi miR-16, kotero kuti ochepa okha akasweka pamene magazi akukokedwa ndi singano, kapena pamene botolo likugwedezeka panjira, muyeso umasintha. Chinthu chimenechi chingaoneke chaching'ono kwa wofufuza amene labotale yake ili pansi pa chipinda cha odwala, koma si chaching'ono kumene magazi amayenda maola ambiri pa msewu wafumbi dzuwa likuswa mtengo, kapena kumene malungo, amene amaswa maselo ofiira m'thupi momwemo, ali nthenda ya tsiku ndi tsiku. Kuwonjezera apo ubongo uli ndi mpanda wake umene umausiyanitsa ndi magazi, ndipo ngakhale chotupa chimaubowola m'malo ena, zotuluka m'chotupa cha mu ubongo zimafika m'magazi zochepa poyerekeza ndi za zotupa za kwina. Madzi a mumsana ali pafupi ndi chotupa, koma kuwatenga kwa munthu amene chotupa chapanikiza ubongo wake kungathe kumupha, ndipo dokotala wosamala sachita zimenezo pofuna kungodziwa za m'tsogolo.

Palinso msampha wina wobisika. Kafukufuku wambiri wa microRNA anagwiritsa ntchito zotupa zimene zinasonkhanitsidwa buku la 2021 lija lisanatuluke, pamene zotupa za IDH yosintha zinkawerengedwa pamodzi ndi glioblastoma. Tsono ngati kachidutswa kena kamangotsatana ndi kusintha kwa IDH, kadzaoneka ngati mlosi waluso pamene kakungobwereza zimene IDH yanena kale. Ndipo nkhokwe yaikulu imene ofufuza ambiri amatapamo, The Cancer Genome Atlas, imene inayamba ndi glioblastoma nifalitsa zotsatira zake zoyamba mu 2008, ili ndi zotupa zimene zochuluka kwambiri zinachokera kwa azungu. Muyeso wokhazikitsidwa pa anthu amenewo, olandira opaleshoni, cheza ndi mankhwala pa nthawi yake, sungangotengedwa nkuikidwa pa mlimi wa mu Afirika amene wafika kuchipatala mochedwa, mwina ali ndi matenda ena m'thupi, popanda kuuyesanso.

Funso lalikulu kuposa onse nlakuti, dokotala akadziwa yankho, kodi adzachita chiyani chosiyana? Apa ndi pamene MGMT ndi IDH zimaonetsera ukulu wake. Mu 2012 mayeso awiri akuluakulu a ku Ulaya anaonetsa kuti okalamba amene MGMT yao ili yotsekedwa amapindula ndi temozolomide, pamene amene ili yotseguka amathandizidwa bwino ndi cheza. Kwa gogo amene thupi lake silingapirire zonse ziwiri, kupima kumeneku kumasankha njira. Ndipo mu Ogasiti 2024 boma la United States linavomereza mankhwala otchedwa vorasidenib, opangidwira zotupa zofatsa zimene IDH yake yasintha. Kupima IDH tsono kumatsegula chitseko cha mankhwala. Palibe kachidutswa ka microRNA kamene kafika pamenepa mwa akuluakulu. Wodwala glioblastoma amene miR-21 yake ili yokwera ndi amene ili yotsika amalandira chithandizo chimodzimodzi. Chimene woyambayo wapindula ndi mantha owonjezera, ndipo chimene wataya ndi ndalama. Kuyesa kusandutsa microRNA kukhala mankhwala nakonso kwakumana ndi zopinga: mu 2016 mayeso a mankhwala otchedwa MRX34, otsanzira miR-34, anaimitsidwa odwala ena atamwalira kaamba ka kulusa kwa chitetezo cha m'thupi.

Chilungamo chikufuna kuti malo amodzi pamene microRNA talowa kale m'ntchito ya tsiku ndi tsiku atchulidwe. Pali chotupa china chosowa koma chaukali kwambiri, chogwira makanda ndi ana aang'ono, chimene madokotala amachifupikitsa kuti ETMR. Mu 2009 ofufuza a ku Toronto anapeza kuti m'zotupa zotere gulu lalikulu la majini a microRNA, lotchedwa C19MC, limachulukitsidwa mopitirira muyeso, ndipo mu 2016 World Health Organization inaika chizindikirochi m'dzina lenileni la chotupacho. Chinapambana chifukwa chakuti ndi chinthu chimodzi chomveka, chopezeka m'chotupa momwemo, chimene malabotale osiyana amachipeza mofanana, ndipo chinasonkhanitsa pansi pa dzina limodzi zotupa zimene kale zinkatchedwa maina atatu. Njira ilipo ndithu, ndipo amene akufufuza za akuluakulu akudziwa kutalika kwake.

Ngakhale tsiku limenelo litafika, funso la pakhomo lija silidzayankhidwa ndi nambala yokha. Stephen Jay Gould, katswiri wa zamoyo zakale wa ku Harvard, anapezeka mu 1982 ndi khansa yoopsa ya m'mimba, ndipo atawerenga mabuku anapeza kuti nambala yapakati ya nthendayo inali miyezi 8. Popeza ankadziwa masamu, anazindikira kuti nambalayo ikunena za munthu wapakati pa mzere, kuti theka la odwala limapitirira pamenepo, ndi kuti mchira wa mzerewo umatalika zaka zambiri. Iye anakhala zaka 20, namwalira mu 2002 ndi khansa ina yosiyana. Nkhani yake si lonjezo kwa aliyense, pakuti theka lina la mzere uja liliponso, ndipo glioblastoma mchira wake ngwaufupi. Koma ikuonetsa kuti chizindikiro chilichonse, chakale kapena chatsopano, chimanena za gulu la anthu ofanana ndi wodwalayo, osati za tsiku lake. Dokotala wouza banja kuti "miyezi isanu ndi umodzi" ngati akuwerenga tsiku la pa kalendala walakwa. Wokana kunena kanthu kalikonse, kuti banja ligulitse zonse likuyembekeza zosatheka, walakwanso. Chofunika ndi kukhala pansi, kufunsa wodwalayo zimene akufuna kudziwa ndi amene akufuna kuti amve nao, kunena zoona za chabwino chimene chingachitike ndi choipa chomwe, ndi kubwereza zokambiranazo matenda akamasintha. Luso limeneli liyenera kuphunzitsidwa m'sukulu za madokotala ndi anamwino molimbika monga momwe amaphunzitsira maina a majini.

Pakali pano, zimene zimatalikitsa masiku a odwala ambiri ndi zinthu zopanda dzina lotchuka. Wogwira ntchito pa chipatala chaching'ono amene wamva za mutu wopweteka mowonjezereka kwa milungu, wa kusanza kwa m'mawa, wa khunyu loyamba mwa munthu wamkulu, wa kusintha kwa khalidwe kapena kwa maso, asapereke mapiritsi a mutu kachitatu koma atumize wodwalayo kumene angaunikidwe. Abale asataye miyezi akuganizirana ufiti pamene mkono ukunkabe nulefuka. Ndipo m'maiko a kuno kumwera kwa Afirika chooneka ngati chotupa pa chithunzi cha makina si khansa nthawi zonse: chingakhale chifuwa chachikulu chimene chamanga mfundo mu ubongo, tizilombo ta toxoplasma mwa munthu amene HIV yafooketsa chitetezo chake, mphutsi za njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, kapena thumba la mafinya. Matenda onsewa ali ndi mankhwala, ndipo munthu wouzidwa kuti watsala ndi miyezi yochepa dzina la nthenda yake lisanatsimikizike walandidwa kanthu kamene sikabwezeka.

Zipatala zimene zimachita opaleshoni ya ubongo zili ndi gawo lina limene zingayambe popanda ndalama zambiri. Tizidutswa ta microRNA timasungika bwino m'timabuloko ta phula mmene malabotale amaikamo zigawo za zotupa, ngakhale patapita zaka. Kabuloko kalikonse kosungidwa mosamala, kolembedwa bwino, kokhala ndi chilolezo cha mwini wake ndi mbiri yonena za msinkhu wake, chithandizo chimene analandira ndi tsiku limene anaonedwa komaliza, kangadzayankhe funso lakuti kaya mindandanda ya ku Bangalore ndi ku Munich ikugwira ntchito mwa odwala a kuno kapena ayi. Mbali yovuta ndi yotsirizayo, chifukwa wodwala akabwerera kumudzi mbiri yake imathera pa chipata cha chipatala, ndipo kabuloko kopanda mapeto a nkhani ya mwini wake sikangaphunzitse kanthu za kulosera. Pamafunika kaundula, lamya, ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuimbira abale miyezi itatu iliyonse kufunsa mmene odwala akupezera.